Kalata yotula ntchitoyo ikhale kaye m'chikwama, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati n'kwanzeru kusiya ulangizi wa zaulimi m'boma, womwe mwaugwira zaka 12 kuno ku Thyolo, n'kulowa ku kampani yogula makademiya imene ikukulonjezani malipiro owirikiza kawiri pa kontrakiti ya chaka chimodzi. Ine ndikuti musafulumire.

Chikukutulutsani m'boma ndikuchimvetsa. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Fetereza, sopo ndi fizi ya ana zidakwera, salale n'kumabwera m'mbuyo ngati nkhono. Ndiye ndalama akukutchulirazo zikuwala, sindikukana.

Koma inu mukudziwa bwino momwe ntchito za makampani kuno zimayendera ndi nyengo. Mvula ikayamba, maesiteti a tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje amalemba chikhamu cha anthu othyola masamba, ikadula ambiri amabwerera kumudzi. Makademiya mtengo wake umamangidwa kunja, ndipo mu 2023 udatsika kwambiri pa msika wa dziko lonse. Zikatero kampani imayamba ndi anthu a kontrakiti. Sikuti amakuchotsani, amangosiya kukuwonjezerani chaka china, basi.

Mlamu wanga adasiya uphunzitsi n'kulowa ku kampani ina yomwe sindiitchula. Zaka ziwiri adadya bwino, adamanga ndi nyumba ya malata. Kontrakiti itatha adapita kukafunsa za penshoni yake, n'kupeza kuti ankamudula mwezi uliwonse koma ndalamazo sizinkafika ku kampani yosunga penshoni. Lamulo limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, koma pamafunika kumalondola wekha. Lero akuchita kabaza wa njinga yamoto pa Luchenza, ndipo m'boma chitseko chidatsekeka. Kumbukirani kuti pa mpando wanuwo pali achinyamata ambirimbiri ochokera ku sukulu ya zaulimi ya Bunda omwe akhala zaka akuyenda ndi maenvulopu a khaki. Mukangonyamuka, sukhala wopanda munthu.

Ndiye chitani izi. Pitani ku ofesi yoona za ogwira ntchito pa boma mukafunse za tchuthi chosalandira malipiro, komanso akuwerengereni papepala zomwe mungatenge mutatula lero ndi zomwe mungadzatenge mutapirira zaka zina. Kampaniyo nayo ikupatseni kalata, osati mawu a pafoni: penshoni ikupita kuti, chipatala alipira ndani, chaka chikatha chitsatire n'chiyani. Mupezenso munthu amene adagwirako kumeneko n'kuchoka, ameneyo ndiye anena zoona.

Chimene ndingakulimbikitseni kwambiri ndi kuyamba chanuchanu muli pantchito pomwepo. Matenda a chisaka adapululutsa nthochi za ku Thyolo kuno mpaka Blantyre kumadya nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique. Alimi akusakasaka mbewu yopanda matenda, ndipo inu luso loichulukitsa muli nalo kale. Yambani ndi kamunda kamodzi Loweruka ndi Lamulungu, muone ngati pa Bvumbwe mungamagulitse nyengo ziwiri zotsatizana. Ngongole ya boma yoyambira bizinesi musaithamangire musanaone phindu loyamba.

Kalata ya kampaniyo ikabwera, nditumizireni kumbali tiiwerengere limodzi musanasaine.