Amayi aziphunzira kuyenda uku akucheza

Achemwali a ku Mtendere, mwafunsa chifukwa chake amayi anu, chidwalire sitiroko, amayenda bwino m'nyumba koma wina akangowapatsa moni panjira amaima chilili kapena kudzandira. Si ulesi ayi. Ife timayenda osaganizira mapazi, koma wodwala sitiroko phazi lililonse amaliponda ndi maganizo. Ndiye mukati "mwaswera bwanji amayi", ubongo umasiya miyendo n'kukayankha moniwo. Ofufuza a ku Sweden analemba mu 1997 kuti okalamba oima akangoyamba kuyankhula ndiwo ankagwa kwambiri m'miyezi 6 yotsatira.

Choncho kuwayendetsa ali duu sikokwanira. Ayambe aimirira atagwira tebulo lolimba, mapazi ataphatikiza, kenako phazi lina kutsogolo kwa linzake. Akamakhazikika, pamenepo muziwaponyera mafunso: atchule masiku a sabata chobwerera m'mbuyo, adzukulu awo kuyambira wamkulu, ndiwo zogulitsidwa ku Soweto Market. Ine ndimakonda la chenji: "Mwapereka K50, tomato ndi wa K15, akubwezereni zingati?" Mayi amene anagulitsapo pamsika salola kuberedwa, amayankha msangamsanga mpaka kuiwala mantha. Zikayamba kuphweka, achite zomwezo akuyenda, pambuyo pake atanyamula kapu yapulasitiki ya madzi. Akasokonezeka n'kuyamba kupepesuka, siyani funso, miyendo ikhazikike kaye.

Koma musawasandutse mwana wa giredi 1. Akuluakulu akaona ngati mukuwayesa nzeru amakhumudwa, mawa lake amakana. Zizimveka ngati macheza.

Inuyo muziima kumbali yofookayo, chakumbuyo pang'ono. Pakhonde popakidwa polishi ya Cobra ayi ndithu, ngakhale pawale bwanji, ndipo patapata avule, avale nsapato zogwira chidendene. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita zolimbitsa thupi ndi kaimidwe masiku atatu kapena kuposa pa sabata. Mphindi zochepa patsiku zimathandiza kuposa kuwatopetsa Loweruka lokha.

Musanayambe, apite kwa a physio, akatswiri olimbitsa ziwalo, kuchipatala cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa ku Lusaka akawaone kaimidwe, akuuzeninso ngati ndodo ikufunika. Mukanene ngati amamva chizungulire akadzuka pampando, poti mankhwala ena a BP amatero. Tsiku lina mukaona kamwa yapotoka, mawu akulemera kapena mkono wafookanso mwadzidzidzi, musadikire kuti kuche, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.