Amalume, Teams ija simunaizimitse

Amalume, mwaswera bwanji? Funso lanu ndaliona pagulu pano, lija mumati mukatseka Teams pa laputopu madzulo mauthenga amangolirabe, ndipo anzanu akuntchito amakuonani ngati mulipo. Ndati ndingolankhula, kulemba kungatalike.

Laputopu yanu ilibe vuto ayi, komanso si vairasi. Mapulogalamu ochezeranawa anawapanga dala choncho. Mukadina ka X kaja pakona kumtunda, chimene chimachoka ndi windo yokha, pulogalamu yeniyeniyo imakhala ikugwirabe ntchito kuseri. Zili ngati mwangotseka katani, munthu ali m'nyumba momwemo, akumva aliyense wogogoda. Anafuna kuti wina akakuimbirani kapena kukulemberani, uthengawo ukupezeni pompopompo. Teams imatero, Discord imatero, Telegram ya pakompyuta nayonso, Slack chimodzimodzi. N'chifukwa chake inu mukamawerenga zanu madzulo, kuntchito akuonabe kadontho kobiriwira padzina lanu. Kamasanduka kachikasu pokhapokha mwasiya kugwira kompyutayo kwa mphindi ngati 5, kapena mwailoka.

Ndiye imakabisala kuti? Yang'anani pansi kumanja, pali wotchi paja. Pafupi pomwepo pali kamuvi kakang'ono koloza m'mwamba. Mukakadina patuluka tizizindikiro tingapo, ka Teams kali m'gulu lomwelo. Ikani mausi pamenepo, dinani batani lakumanja, musankhe Quit. Mapulogalamu ena amalemba Exit. Apo ndiye yazimadi, palibenso kulira.

Koma kumachita zimenezo tsiku ndi tsiku n'kotopetsa, eti? Lowani mu Settings ya Teams, pa General, mupeza mzere wolembedwa kuti “On close, keep the application running”. Chotsani kachongi pamenepo, kuyambira pamenepo X azizimitsiratu. Pomwepo palinso Auto-start, ija imachititsa kuti izidzitsegula yokha mukangoyatsa laputopu. Ine ndikanakhala inu ndikanachotsa zonse ziwiri, chifukwa ikamangokhala kuseri choncho imadya batire ndi memori, ndipo bando nayo imapita pang'onopang'ono. Kuipa kwake n'koti mukaiwala kuitsegula m'mawa, abwana akaimba laputopu siilira.

Tsono chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si batire ayi, ndi maiki. Mumve bwino apa amalume. Msonkhano wa pa Teams umakhala ndi windo yakeyake. Mukatseka windo yaikulu ija msonkhano uli m'kati, simunatuluke, akukumvanibe. Dinani Leave, batani lofiira lija, muone kuti msonkhano wachokadi, kenako muyankhule za m'nyumba. Anyamata anu aja amacheza pa Discord posewera magemu muwauzenso. Kumeneko munthu amatha kudina X akadali m'chipinda cholankhulirana, windo n'kusowa, koma anzake onse akumva zimene zikukambidwa pabalaza. Ayambe adina Disconnect.

Amene muli ndi Mac pagulu pano, kwa inu ndi pafupifupi pulogalamu iliyonse. Kabatani kofiira kamangochotsa windo, ndipo mukayang'ana pa Dock, mzere wa zizindikiro uja pansi pa sikirini, muona kadontho pansi pa chizindikiro chake, kusonyeza kuti ikadali moyo. Kuzimitsa kwake ndi Command ndi Q pamodzi.

China, ndisanaiwale. Kuzimitsa si kutuluka mu akaunti. Mukachita Quit, wina n'kubwera kudzatsegula Teams pa laputopu yomweyo, apeza mauthenga anu onse ali poyera osafunsidwa pasiwedi. WhatsApp ya mu Chrome ndi chimodzimodzi, mukatseka tabu imasiyadi kulira, koma wotsegula pambuyo panu alowa bwinobwino. Ngati mumabwerekana laputopu ndi ana, kapena mwagwiritsa ntchito kompyuta ya eni, muzichita Sign out kapena Log out.

Yesani madzulo ano. Kamuvi kaja mukakasowa, ingojambulani sikirini ndi foni munditumizire, ndikulozerani pamene kali. Mupereke moni kwa onse kunyumba.