Kodi "apology" ndi phunziro la chiyani?

Mtsikana wina wa Fomu 3 wanditumizira imelo yomwe yandiseketsa, koma funso lake ndi lanzeru. Akuti aphunzitsi awo anawauza kuti mawu a Chingerezi othera ndi -ology amatanthauza phunziro la chinachake: biology ndi la zamoyo, geology la miyala ndi nthaka. Ndiye akufunsa kuti, nanga apology ndi phunziro la chiyani, la kupepesa?

Achemwali, aphunzitsi anuwo sananame. Angokupatsani fupa, mnofu wake n'kuusiya mumphika.

Tiyambe ndi mchirawo. Mchira weniweni ndi -logy, osati -ology. O uja ndi wongolumikizira basi, ndipo nthawi zina sapezekapo n'komwe. N'chifukwa chake pali genealogy, mineralogy ndi analogy, ndipo ambiri amalemba geneology n'kutaya malikisi aulere. Gwero la -logy ndi mawu a Chigiriki akuti logos, omwe amanyamula katundu wambiri: mawu, kulankhula, kufotokoza, ngakhalenso kuganiza mwadongosolo. Ngati mumapita kutchalitchi munakumana nawo kale musakudziwa. Pa Yohane 1:1, pomwe ife timawerenga kuti pachiyambi panali Mawu, Chigiriki chimati logos. Tsono bios ndi moyo, biology n'kukhala kufotokoza za moyo. Kufotokoza chinthu mwadongosolo koteroko ndi kumene tikuti phunziro.

Koma logos sanasiye ntchito yake yakale ya kulankhula, ndipo apa ndi pomwe pabisala apology wanuyo. Kwa Agiriki, apologia anali mawu amene munthu amalankhula podziteteza pabwalo la milandu. Socrates, mkulu wina wachigiriki woganiza mozama, ataimbidwa mlandu mumzinda wa Athens m'chaka cha 399 Yesu asanabadwe, zimene ananena pamaso pa oweruza zimatchedwa apologia, komatu mkuluyo sanapepese olo pang'ono. Anawayankha mosaphethira mpaka anamugamula kuti amwe poizoni. Angerezi ndi amene pang'onopang'ono anawafewetsa mawuwa, kuchoka pa "ndilibe mlandu" kufika pa "pepani, ndalakwa". Abale ake ena ndi eulogy, kumunenera munthu zabwino monga timachitira powerenga mbiri ya malemu pamaliro, ndi tautology, kunena chinthu chimodzimodzi kawiri, ngati ujeni uja timakonda kunoyu wa "return back".

Amene amandisangalatsa kwambiri ine ndi anthology. Mneni yemwe anabala logos, legein, amatanthauzanso kutola. Anthos ndi duwa. Ndiye buku la ndakatulo zosankhidwa lomwe mumalowa nalo m'kalasi lija, dzina lake likungoti "maluwa otola". Yemwe anaganiza zimenezi anali mlakatuli ndithu.

Kodi zonsezi phindu lake n'chiyani? Ine ndinaliona kuchipatala. Tsiku lina ndinaperekeza azakhali anga kuchipatala chachikulu, atagwira kabuku kawo ka kuchipatala mwamphamvu ngati wina awalanda. Dokotala anali atalembamo dermatology, iwo mtima uli phaphapha, poganiza kuti dzina lalitali choncho ndiye kuti matendawo ndi akufa nawo. Ndinawauza kuti derma ndi khungu, tikupita kwa dokotala wa zidzolo zawozo. Mpaka anaseka. Tikuyenda m'khonde muja ndinkawawerengera zikwangwani: cardiology, kardia ndi mtima, gynaecology, gyne ndi mayi, ophthalmology, ophthalmos ndi diso. Pa oncology ndinangodutsa osanena kanthu. Onkos ndi chotupa, ndipo anthu amene anakhala pabenchi panja pa chitsekocho sankafunika wowamasulira.

Choncho musavutike kuloweza mndandanda wa mawu 200. Dulani mchira, muone mutu. Mitu yakeyo imabwerabwera yomweyomweyo. Ge, dziko, ali mu geology, geography ndi geometry. Oikos, nyumba, ali mu ecology komanso mu economy, yemwe poyamba ankangotanthauza kayendetsedwe ka pakhomo. Nduna ya zachuma ndi mayi wogawa ndalama ya ndiwo pamwezi, kwa Mgiriki ntchito yawo ndi imodzi.

Musaganizenso kuti Agiriki akalewo ankalankhula mawu onsewa. Ambiri ndi opangidwa dzulodzuloli ndi akatswiri a ku Ulaya, omwe ankathamangira ku Chigiriki akafuna dzina la phunziro latsopano. Biology anatchuka cha m'ma 1802 kudzera mwa Lamarck ku France ndi Treviranus ku Germany. Ecology anapangidwa ndi Ernst Haeckel mu 1866. Sociology, yemwe anafalitsidwa ndi Auguste Comte m'zaka za m'ma 1830, ndi wosakaniza: mutu wake socius, mnzako, ndi wa Chilatini, mchira wokha ndi wa Chigiriki. Kwathu kuno amene anatengeka kwambiri ndi ziyankhulo ziwirizi anali Kamuzu Banda, moti sukulu yake ya ku Mtunthama, Kamuzu Academy, itatsegulidwa mu 1981, ana ankaphunzira Chigiriki ndi Chilatini mokakamizidwa. Enafe a sukulu za wamba timangotola nyenyeswa, koma nyenyeswazo n'zokwanira kuwerengera chikwangwani.

Chenjezo limodzi: mchirawu sutsimikiza kuti chinthucho ndi sayansi. Astrology ali nawo, koma ndi zoombeza za nyenyezi zija amati wobadwa mwezi wakuti adzalemera. Sayansi yeniyeni ya nyenyezi ndi astronomy, yemwe mchira wake ndi wina, nomos, lamulo.

Pamatchulidwe napo pamatipunthwitsa. M'Chichewa timatsamira pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, n'chifukwa chake timati bayoloje, tekinoloje, kukoka pa "lo". Tikamacheza m'Chichewa palibe cholakwika, mawuwo tinawalandira ndipo ndi athu. Koma mu Chingerezi mphamvu imagwera pa phatikizo lomwe limabwera -logy asanayambe: bi-O-logy, ge-O-logy, a-PO-logy. Mukangowonjezera -ical imasamuka, n'kukhala bio-LO-gical. Yeserani mokweza kangapo muli nokha, chifukwa lilime limakana poyamba.

Funsoli kalifunseninso m'kalasi, koma mwaulemu, kuopa kuti angakulembetseni apology ya Angerezi ija, osati ya Socrates.