Headers pa Nissan 1400: 4-1 kapena 4-2-1?

FUNSO: Ndili ndi Nissan 1400 yomwe ndimanyamulira nthochi kuchokera ku Thekerani kupita ku Bvumbwe. Manifodi ya ekizozi yang'aluka. Ku Limbe andionetsa headers (mapaipi a utsi olowa m'malo mwa manifodi) za mitundu iwiri, 4-1 ndi 4-2-1. Nditenge ziti?
Wowerenga wa ku Thyolo

YANKHO: Bambo, tengani 4-2-1. Injini yanuyo, A14 ya 1397cc, imathomola motsata 1-3-4-2, choncho mapaipi a silinda 1 ndi 4 amayamba akumana paokha, a 2 ndi 3 chimodzimodzi, kenako awiriwo n'kulowa m'paipi imodzi. Utsi wa silinda ina umakoka wa inzake, ndipo mphamvu imabwera injini isanalire kwambiri. N'zimene mukufuna pokwera zitunda za kwanuko mutasenza katundu. Za 4-1, zomwe mapaipi onse anayi amakumana malo amodzi, zimadzuka injini ikapitirira 5000 rpm (kuzungulira ka 5000 pa mphindi), za ampikisano izo.

Musakopeke ndi mapaipi akuluakulu. Pa injini yosasinthidwa, 32 mpaka 35mm n'zokwanira. Akakula mopitirira apo utsi umayenda mwaulesi, galimoto n'kumafooka ponyamuka.

Pomwe ambiri amalirira ndi pa flange, chitsulo chophwatalala chomangira ku hedi chija. Chikhale chochindikala ngati 10mm. Chopyapyala chimapindika ndi kutentha, gasiketi n'kupsa. Komanso pa A14 manifodi ya kabyuleta ndi ya ekizozi zili mbali imodzi, ndipo mawashala ena amapana zonse ziwiri. Zikasiyana kuchindikala, washala amakhala chopendekeka, mpweya umalowera m'mbali, injini siikhazikika pa idling. Yezani musanalipire.

Headers zimatentha kuposa manifodi yakale, kabyuleta ili pamwamba pomwepo. Ikani lata lotchinga pakati, apo ayi petulo aziwira ndipo galimoto izivuta kuliza ikatentha. Nsalu yokulunga mapaipi ija isiyeni: ndi mvula ya ku Thyolo imasunga chinyezi, dzimbiri n'kudya paipi. Ngati thumba likulola, gulani za chitsulo chosachita dzimbiri cha stainless 304.

Pomanga, gasiketi ikhale yatsopano, manati muyambire pakati kupita kunja, ndipo mudzawakungenso injini ikatentha n'kuzizira. Mukayendako, onani mapulagi: akayera mbuu, petulo akuchepa, amakanika akulitse pang'ono main jet, kabowo kodutsa petulo m'kabyuleta.

Kunena zoona, pa injini yosasinthidwa phindu lake n'lochepa. Mukapeza manifodi yachikale yosang'aluka pamtengo wabwino, igwira ntchito. Chokhacho musawotcherere yong'alukayo, kawirikawiri imang'alukanso pambali pa chowotchereracho.