Katswiri wa tenisi amawerenga thupi la mnzake mpira usanamenyedwe

Mwafunsa ngati akatswiri a tenisi amabadwa ndi maso akuthwa kuposa enafe, popeza amabweza mpira umene oonerera timauzindikira utadutsa kale. Kwa ine, kusiyana kwakukulu kuli pa zimene munthuyo anaphunzira kuyang'ana, ndiponso nthawi imene amaziyang'anira.

Bwalo la tenisi ndi lalitali mamita 23.77, ndipo amuna ambiri apamwamba amamenya sevu, mpira woyambira uja, pa liwiro loposa makilomita 200 pa ola. John Isner anafika pa makilomita 253 pa ola mu mpikisano wa matimu a mayiko wa Davis Cup wa 2016. Mpira wotere umafika kwa wolandira pakangotha pafupifupi theka la sekondi, chonsecho munthu akaona chinthu pamapita gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi asanayambe n'kusuntha komwe. Amene akudikira kuti aone kumene mpira walowera amatsala ndi kanthawi kochepa kwambiri koti aponde, atembenuze mapewa ndi kukweza raketi.

Ofufuza amayesa zimenezi poonetsa anthu kanema wa wosewera akumenya mpira, n'kumudula kanemayo raketi isanagunde mpirawo, kenaka n'kufunsa kuti mpira ulowera kuti. Odziwa masewerawa amalosera molondola kawirikawiri kuposa ongoyamba kumene. Bruce Abernethy wa ku Australia anapeza mu badminton, masewera enanso a raketi, kuti akatswiri amaona chizindikiro pa mkono wa womenyayo, pamene ongophunzira amadalira raketi yokha, imene imaulula mochedwa. Mu tenisi zizindikirozo zili pa chiuno, pa mapewa, ndi pamene mpira waponyedwa m'mwamba, ngakhale kuti wosewera mwiniwake nthawi zambiri sangakufotokozereni chimene waona.

Nkhani imene imandisangalatsa ndi ya Andre Agassi ndi Boris Becker. Agassi atagonja masewero atatu oyamba, anaonera makanema mobwerezabwereza mpaka anazindikira kuti Becker ankatulutsa lilime asanamenye sevu: likakhala pakati pa milomo mpira unkapita pakati, likapendekera kumbali mpira unkapita m'mbali. Agassi mwiniwake ananena kuti chovuta chinali kubisa kuti akudziwa, choncho ankasunga chinsinsicho mpaka pa mapointi ofunika, kuopa kuti Becker angatseke pakamwa. Pa masewero 14 amene anakumana, Agassi anapambana 10. Sindikunena kuti lilime lokha ndilo linachita zonsezi, pakuti Agassi anali kale mmodzi wa olandira sevu aluso kwambiri.

Womenya nayenso amadziwa kuti akuwerengedwa, n'chifukwa chake Pete Sampras ankaopedwa: ankaponya mpira m'mwamba mofanana kaya akulinga pakati kapena m'mbali. Komanso luso lolosera limachokera pa zimene munthu wazolowera kuona, motero osewera ambiri amavutika ndi amanzere, monga mmene ankavutikira ndi Rafael Nadal, chifukwa amakumana nawo mwa apo ndi apo ndipo mpira wawo umazungulira n'kukhotera mbali ina.

Ngati mukuphunzitsa ana kapena mukudziphunzitsa nokha, makina oponya mipira angakuthandizeni kamenyedwe, koma alibe mapewa kapena chiuno choti muwerenge. Muzilandira sevu kuchokera kwa anthu osiyanasiyana, amanzere omwe, ndipo nthawi zina muzitchula mokweza mbali imene mukuganiza kuti mpira upita mnzanuyo asanaumenye.