Zoo ku Mzuzu? Ana tipite nawo ku Vwaza

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake Mzuzu ilibe zoo yoti ana azikaonerako njovu ndi mikango, komanso ngati kutsekera nyama m'khola n'kulakwa. Ine ndikuti zoo tisaifune.

Njovu imayenda mtunda wautali pofuna chakudya ndi madzi, ndipo imakhala m'gulu lotsogozedwa ndi yaikazi yaikulu. Mukaitsekera pakabwalo ka simenti imadwala mapazi, n'kumangoima pamodzimodzi ikupukusa mutu uku ndi uku mpaka dzuwa kulowa. Mwana akaona zimenezo waphunzira chiyani za njovu? Nanga ndalama zogulira mkango nyama zizichokera kuti?

Ife kuno tili ndi mwayi. Vwaza, nkhalango yotetezedwa ya nyama zakutchire, ili pafupi, kutsogolo kwa Rumphi Boma. M'chilimwe njovu zimabwera kudzamwa panyanja ya Kazuni, mvuu zili phee m'madzi, makutu ndi mphuno zokha zikuoneka. Ku Nyika kuli mbidzi ndi ntchefu, ndipo mu 2017 anapititsako njovu 34 kuchokera ku Liwonde. Msewu umavuta m'dzinja, choncho konzani ulendo mvula isanayambe.

Makola amene ndimagwirizana nawo ndi onga a ku Lilongwe Wildlife Centre, kumene amasamalira nyama zovulala ndi tiana tamasiye ta anyani ndi apusi, zotheka kubwerera kutchire n'kuzibwezera. Ena mwa apusiwo amalandidwa kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, omwe nthawi zambiri amapha make kuti atenge kamwana. Mukawaona musagule, ngakhale chisoni chikugwireni chotani, chifukwa mawa akagwira kena. Dziwitsani apolisi kapena a nthambi yoona za nyama zakutchire.