Kodi msonkhano waukulu wa chipani umakwezadi munthu?

Funso: Akonzi, ndimamva kuti ku America wofuna upulezidenti amakwera m'kafukufuku wa maganizo a ovota msonkhano waukulu wa chipani chake ukangotha. Kodi n'zoona?

Yankho: Kawirikawiri n'zoona, bambo. Masiku anayi a msonkhanowo wailesi za kanema zimangoonetsa iyeyo, mabaluni akugwa, khamu likuwomba m'manja, ndiye anthu omwe anali asanasankhe mbali amatengeka. Mu 1992 Bill Clinton adakwera ndi mapointi 16 m'kafukufuku wa bungwe lofufuza maganizo a anthu la Gallup, ngakhale kuti kuchoka pampikisano kwa Ross Perot, yemwe ankaima payekha, sabata yomweyo kudamuthandizanso.

Komatu ine sindikhulupirira ziwerengero za sabata imeneyo mpaka patadutsa milungu ingapo. Amandikhudza kwambiri ndi Michael Dukakis. Mu 1988 adatuluka mumsonkhano wa chipani chake ku Atlanta akutsogola ndi mapointi 17, koma pachisankho cha mu November, George Bush adamugonjetsa.